Beseni la Pobwera Kumanda

Zimene ndinataya mu Juni chaka chatha:

Mkazi wanga.
Munthu wondimasulira Chilomwe cha azakhali ake.
Njala ya m'mawa.
Chikhulupiriro changa mwa namwino amene anandichiza ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Zinazo aliyense akuzidziwa. Ndilemba za chomalizachi.

Ndinakulira m'malayini a pa esiteti, kumene amayi ankathyola tiyi. Pakati pa minda panali kankhalango kamodzi kamene sikanadulidwe chifukwa munali manda. Tiyi yense anali wosalala ngati tebulo, koma mitengo ija inkangoima yokha, yakuda. Chiperoni chikabwera, tiyi ankasowa, anthu othyola ankasowa, mitengoyo n'kutsala ikulendewera m'mwamba.

Malume anamwalira ndili Fomu 2, ndipo kanali koyamba kuti ndilowe m'nkhalangomo. Kwathu anthu akamachokera kumanda amapeza beseni la madzi a masamba pakhomo la siwa, ndipo aliyense amasambamo m'manja kuti imfa asapite nayo kwawo. Tsikulo kunali nkhungu yambiri. Pobwerera ndinasiyana ndi mzere wa anthu, ndinatsata kanjira kena ka m'tiyi, ndipo ndinangotulukira kuseri kwa nyumba yathu. Ndinalowa, ndinadya. Za beseni ndinazikumbukira ndikutsuka mbale.

Sanali mawu omveka m'makutu. Linali ganizo chabe, lodekha, ngati munthu wokukumbutsa kuti waiwala ambulera: sunasambe, wabwera nayo, otsatira ndi amayi ako.

Ndinkadziwa kuti n'zopanda mutu. M'kalasi ndinali woyamba pa sayansi. Komabe m'mawa uliwonse ndinkapita pampope wa pamalayini kukasamba m'manja katatu, ndipo wina akandilankhula ndisanamalize, ndinkayambiranso. Amayi a zidebe ankandidikira kumbuyo.

"Akalaliki, mwatha? Enafe kapitawo akutidikira."

"Musiyeni, akufuna ayere akakhale ku bangalo kwa azungu."

Amayi ankaseka nawo. Koma kunyumba ankatenga manja anga n'kuwaika pa awo. Zala zawo zinali zakuda ndi utomoni wa tiyi, zanga zotuwa ndi zong'aluka. Nditawauza za beseni, osatchula za iwo, anapuma mpweya waukulu ngati nkhani yatha. Ananditengera kwa mkulu wa adzukulu, amene anakumba manda a malume.

"Nkhani yochepa iyi," anatero mkuluyo. Anathyola masamba kuseri, anawafikisa m'madzi, ndinasamba.

Masiku awiri ndinadutsa pampope osaima. Lachitatu ganizo lija linabwera, lodekha ngati kale: madziwo sanali a tsiku lija.

Kukiliniki ya esiteti tinapitira ming'alu ya m'manja. Adokotala a kumeneko anandifunsa kuti ndimasamba kangati, kenaka analemba kalata yoti tipite kuchipatala cha kuboma, tsiku loona a matenda a m'maganizo. Amayi anauza aneba kuti tikukapimitsa maso.

Namwino amene tinamupeza anali mayi wamkulu thupi, wosafulumira. Anamva zonse osalemba kanthu.

"Ukapanda kusamba chichitike n'chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. Anafunsanso.

"Amayi amwalira."

"Ine?" anatero amayi. "Ndi dengu limene ndimasenza lija?" Anayesa kuseka, koma sizinatheke.

Namwinoyo anati matendawa ali ndi dzina, la zilembo zitatu za Chingerezi, ndipo anga anali ochepa, osafuna mapiritsi. Anati ganizolo lili ngati galu wa pachiwaya, ukamuponyera kamodzi mawa umupeza pomwepo. Kenaka anatitulutsa panja. Anandiuza kuti nditape dothi la pamaluwa ndi manja onse awiri, ndikhale pabenchi, ndisapukute. Amayi anawakhazika moyang'anana nane.

"Chabwino. Tiyeni tidikire amwalire."

"Anesi, pakamwa panupo!" anatero amayi.

"Khalani phee, mayi. Mwanayu aone."

Sindinaonepo theka la ola lalitali ngati lija. Ndinkayang'ana chifuwa cha amayi chikukwera ndi kutsika. Manja ankandiyabwa mpaka m'mapewa. Chapatali wina ankakankha bedi la matayala olira, ndipo ndinali wotsimikiza kuti likubwera kwa ife. Linakhota. Mantha anakwera, anafika pena pake, kenaka anayamba kutsika okha, ine osachita chilichonse. Amayi anayasamula.

Ndinapitako mwezi ndi mwezi mpaka kulemba mayeso a Fomu 4. Ntchito inali yomweyo: samba kamodzi, choka, dikira. Palibe amene anamwalira. Ndinapita kukoleji, ndinabwerera kudzaphunzitsa pa sekondale yoyandikana ndi esiteti yomweyo, ndipo ndinakwatira. Mkazi wanga ndinamuuza zonse tisanalowe m'banja. Anati, "Ndiye ndapata mwamuna waukhondo, anzanga achita nsanje." Koma anamvetsa kuposa mmene anaonetsera. Akandipeza ndachedwa pampope, zimene zinkachitika mwa apo ndi apo, sankafunsa. Ankangondipatsa ntchito.

Lachisanu lina mu Juni tinakaika mnzathu wa kutchalitchi m'nkhalango muja. Masiku ano mabanja ambiri saikanso beseni, ndipo panalibe. Sindinadandaule. Koma m'mawa wa Loweruka, mkazi wanga akukonzeka kukaona mayi ake ku Masambanjati, ganizo lija linabwera, patatha zaka zambiri lili chete. Ulendo uno silinatchule amayi.

Njinga yamoto imene anakwera inaterereka pakona, msewu uli wonyowa. Woyendetsa anathyoka mkono. Mkazi wanga anafika kuchipatala atatsirizika kale.

Ndikudziwa chimene chinamupha. Nkhungu, matope, tayala lakutha. Ndimaphunzitsa ana za mmene tayala limagwirira msewu, ndipo ndikhoza kujambula pabolodi. Pamaliro ake azakhali aja anaika beseni. Ndinaviika manja kamodzi ngati wina aliyense, n'kuwabisa m'thumba.

Amayi akadali moyo. Anapuma ntchito, ali kumudzi ku Thekerani. M'mawa uliwonse ndimasamba kamodzi, ndimatseka mpope, ndipo ndimadikira theka la ola ndisanawaimbire foni. Foni ikamaitana ndimaima pakhomo, kuyang'ana mitengo ija. Mpaka lero amayankha. Ndinapitanso kuboma kukafuna namwino uja, koma anandiuza kuti anapuma ntchito kalekale. Amene ali pamalo pake anandilembera tsiku, ndipo ndipitako. Ndili ndi funso limodzi, ngakhale yankho lake ndikulidziwa.

M'mawa wa Loweruka lija ndinali pampope wa kuseri kwa nyumba. Ndinali nditasamba kawiri, sopo ali m'manja kuti ndiyambe kachitatu. Kumsewu njinga inkaliza hutala, yosaoneka m'nkhungu. Mkazi wanga anatulukira pakona ya nyumba atavala jekete langa pamwamba pa chitenje, thumba la shuga ndi sopo wa mayi ake lili m'manja. Anayang'ana manja anga, kenaka nkhope yanga. Anatambasula dzanja natseka mpope.

"Kawiri kakwana, aphunzitsi. Bwerani mundinyamulire thumbali, njinga ikudikira."