Timapazi Patsogolo

Ndili kusikelo, koma bedi aliika pakhomo penipeni pa nyumba yathu. Anamwino akundisisita pamimba ndi manja ozizira. "Mwana watsogoza miyendo, mayi. Tim'tembenuze lero, kapena mudikira opaleshoni?"

Apongozi anga aima kumutu kwanga. "Ndinkakuuzani ine, wapakati saima pakhomo. Mwaonatu?" Ndikufuna kudzuka, koma chitenje chadzimanga mfundo m'mawondo. Amuna anga ali panja, akundiitana, bedi latseka njira.

Kenaka timapazi tiwiri tikutuluka pamchombo, tikupalasa m'mwamba, kufunafuna poponda. Anamwino akungobwereza, "Sankhani, mayi."

Ndadzuka kutulo thukuta lili kamukamu. Ndagwira pansi pa nthiti. Kamutu kolimba ka mwana kadakali pomwepo, ndipo kusikelo ndi lero.