Mzere Wofiira pa Kompyuta ya Malume

Kompyuta ija inali ya mtundu wa mano a munthu wosuta fodya. Malume anaitola kuseri kwa holo ya parishi ku Drumcondra, n'kufika nayo kunyumba ataikumbatira pachifuwa. Inalibe mausi, inalibe zithunzi. Mukaiyatsa inkang'ung'udza kaye ngati firiji, n'kumanunkha fumbi lotentha, kenako pa sikirini yakuda pankatulukira kamzere koyera kophethira, kudikira kuti mulembe.

M'nyengo yozizira imeneyo ndinali mtsikana wa zaka 11. Ntchito mu Dublin zinali zitauma. Malume, achimwene awo a amayi, anali atamaliza maphunziro a makompyuta pa sikolashipu, ndipo mapepala awo okhalira m'dzikomo ankatha mu Malichi ngati sapeza wowalemba ntchito. Anabwera kwathu kudzakhala masabata awiri. Inakwana miyezi inayi. Chipinda changa chinakhala chawo, ine ndinkagona pa sofa mawondo ali pachibwano, ndipo ndinkadana nawo kuchokera pansi pa mtima.

Masana, amayi ali ku shifiti kuchipatala, malume ankandiitana kuti ndidzaone. Ankati mkati mwa makinawo muli kapulogalamu kotchedwa dalaivala, koima pakati pa zilembo ndi galasi ngati mlonda pageti. Kakaona chizindikiro cha esikepi, kamuvi koloza kumanzere, kamadziwa kuti zotsatirazo si mawu owerenga koma lamulo. Kamuvi, bulaketi, 31 ndi m: zilembo zimafiira. Ukaika 32 zimabiriwira. Ukaika ziro zimabwerera mtundu wake wakale. Ukaika 2 ndi J sikirini yonse imasesedwa, mbee. Tsiku lina anandijambulira mbendera ya kwathu ndi timalamulo timeneti, zala zikunjenjemera ndi kuzizira chifukwa hita ankaizimitsa okha masana. Ndinkayasamula dala, koma ndinkaloweza chilichonse.

Kusukulu wina anali atandilembera m'kope mawu awiri ndi bolopeni yofiira: GO HOME. Nditawaonetsa aphunzitsi, anang'amba tsambalo n'kunena kuti ndi zachibwana. Kunyumba sindinauze aliyense. Lero ndikudziwa kuti mwana akapatsidwa khala lamoto amafunafuna dzanja lomupatsira, ndipo sasankha dzanja lamphamvu.

Loweruka lina malume atapita ku laibulale, ndinatsegula fayilo imene makina amayamba kuwerenga akamadzuka. Ndinawonjezera mzere umodzi wokha.

Mawa lake titachoka ku Misa kunabwera alendo, banja lina la ku Zomba ndi bambo wina wa ku Chipata wogwira ntchito yoyeretsa ku eyapoti. Tiyi ali m'manja, wa ku Chipata uja anafunsa mwachipongwe ngati ukatswiri wa madigiri awiri tingauone ndi maso. Malume anasangalala. Anatilowetsa tonse m'chipinda changa chija kuti ationetse mbendera.

Makina anang'ung'udza. Pamalo podikirira paja panatuluka zilembo zofiira ngati nyama yaiwisi: GO HOME. Malume anadina Enter. Mawuwo anabweranso pansi pake. Anadinanso, n'kudinanso, mpaka anandandalika kutsika sikirini yonse.

Chipinda chinaphulika ndi phwete. Amayi, amene anali atatopa ndi mashifiti komanso kudyetsa munthu wamkulu, ndiwo anaseka kwambiri mpaka tiyi kutayikira pa kapeti.

"Achimwene, mwamva? Ngakhale chitsulo chanu chomwe chakuuzani!"

Kenako anasiya kuseka, n'kutembenukira kwa ine. Diso limenelo ndinkalidziwa, linkatsogolera lamba.

"Wakhudza makinawa ndani?"

"Ndalemba ndekha, mlongo," anatero malume, maso ali pa kiyibodi. "Kudzikumbutsa."

Alendo anasekanso kuposa poyamba. Wa ku Chipata uja anawamenya paphewa n'kuwauza kuti ku eyapoti mopu siifunsa digiri.

Anthu atabalalika, malume anandipeza ndikutsuka makapu. Anaima pakhomo la khitchini n'kundilankhula.

"Lamulo walemba bwino, mwana wa mlongo wanga. Koma ukapaka mtundu uzibweza pa ziro. Ukapanda kutero, wobwera pambuyo pako amalemba ndi mtundu wako."

Ndinawayankha m'Chingerezi kuti sindikudziwa zimene akunena.

Mzere uja sanaufufute. Masabata onse otsalawo ankayatsa makina m'mawa, mawu aja n'kuwalonjera, iwo n'kumalemba pansi pake makalata opempha ntchito, chilembo chilichonse chili chofiira. Ndinkasuzumira pa mpata wa chitseko n'kumaona kuwalako pa magalasi awo. Sanandiitanenso masana. Mu Malichi anakwera basi ya ku eyapoti ndi sutikesi imodzi, amayi ali kuntchito, ine ndili m'kalasi. Ndinabwerera m'chipinda changa, chikununkha mafuta awo opaka m'manja.

Kufufuta mzere ngati umenewo ndi ntchito ya masekondi ochepa, ndipo amene anandiphunzitsa kuulemba anali iwowo. Koma nthawi imeneyo ndinkauza mtima wanga kuti ndawagonjetsa, kuti madigiri awo alephera pa ine. Chimene chinkandiwawa chinali chimodzi chokha, ndipo ndinawasungira mkwiyo zaka zingapo: kuti anaima pamaso pa alendo, amayi akundiyang'ana chonchija, n'kunena kuti ntchito yanga anailemba ndi iwo.