Moni Wodzera ku Wailesi ya Kutali

Ine Chisipanishi sindichidziwa, ndisakunamizeni. Koma ndinachimva tsiku lililonse la ntchito mpaka ndinayamba kuimba nawo nyimbo zotsatsa malonda, osadziwa n'komwe kuti akugulitsa sopo kapena matayala.

Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Lewisham, mumzinda wa London. M'chipinda chakumapeto munali agogo ena ochokera ku Colombia. Anabwera kuno ali mtsikana, nakwatiwa ndi mzungu wakonkuno, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anamulera m'Chingerezi chokhachokha. Matenda oiwala atawagwira, Chingerezi chonse chija chinathawa, iwo n'kutsala ndi chilankhulo chakwawo basi, Chisipanishi. Mwana uja tsopano anali bambo waimvi. Ankabwera Lamulungu lililonse ndi maluwa, koma agogowo ankangomuyang'ana ngati munthu wodzawerenga mita ya magetsi.

Amene agogowo ankamudziwa anali muulutsi wa pa wailesi. Pa tabuleti yawo, kachipangizo konga foni yaikulu, tinawaikira wailesi ya kampani ina yaikulu yakwawoko, yomwe ilinso ndi ma TV ndi masamba a pa intaneti. Pulogalamu yam'mawa ya kumeneko kuno imatipeza titadya kale chakudya chamasana. Muulutsi akangopereka moni, agogo ankakonza tsitsi n'kuyankha mwaulemu. Mankhwala ankamwa bwino pa nthawi imeneyo. Ukazimitsa, wadziputira mlandu.

Tsiku lina ndikuyala bedi ndinatchera khutu. Ndinamva mawu a anthu wamba, wina mwana akumulirira kumbuyo, wina ali pamsewu magalimoto akuliza mahutala, aliyense akutchula mayina motsatizana. Ndinati, aa, iyi si pulogalamu ya moni iyi? Ndinakula nayo ine ku Chipata. Amalume akatipatsa moni pa wailesi ali kumigodi, amayi ankayenda mudzi wonse kufunsa anthu ngati amva, chonsecho anali nawo limodzi pomvetserapo.

Lamulungu lina ndinawapeza bambo aja atakhala pampando wa m'khonde, maluwa ali pamiyendo.

"Ndikuganiza zosiya kubwera," anandiuza. "Ndikalowa amachita mantha. Ndaphunzira timawu tingapo, ndawauza kuti ndine mwana wawo, koma amangotembenukira kukhoma. Ndikungowazunza."

Zinandikhudza kwambiri. Ana anga kunyumba ku Thamesmead ndikawalankhula Chinyanja amandiyankha m'Chingerezi, ndipo pa basi madzulo amenewo ndinadziona ndekha m'chipinda chakumapeto. Koma pa nthawiyo sindinawauze zimenezo bambowo. Komabe ine pakamwa sindichedwa.

"Bambo, musafulumire," ndinatero. "Amayi anu nkhope yanu yawasokoneza, iwo akudikira kamnyamata. Koma wailesi ija amaikhulupirira. Bwanji mudzere komweko?"

Anandiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu. Moni uchoke ku Lewisham, uwoloke nyanja, ukafike kwa anthu osatidziwa, kenako ubwerere m'chipinda chomwechi? Ndinati inde, kwathu timatero, ndipo palibe anadandaulapo za mtunda.

Kukhitchini ya kuntchito kwathu kuli mayi wina wa ku Ecuador, nayenso wolankhula Chisipanishi. Ndiye anatipezera nambala imene omvera amatumizako mawu, nawaphunzitsa bambowo zoti anene. Koma lilime la bambowo, abale inu! Mayi wakukhitchiniyo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Bambowo anajambula mawu awo, kufufuta, kujambulanso, thukuta kamukamu munthu wamkulu ndi tayi yake. Potsiriza anatumiza, atatchula dzina limene amayi awo ankawaitana nalo ali mwana.

Kenako kudikira. Omvera wailesi imeneyo ndi ochuluka, ndipo palibe anatilonjeza kanthu. Bambowo anapempha kuntchito kwawo kuti masana azichokako pang'ono. Ankakhala pafupi ndi chitseko, kutali ndi bedi, mwakachetechete ngati mlendo wodikira dokotala. Masiku anapita, moni wa anthu ena okhaokha. Ine ndinayamba kuganiza kuti ndamuvutitsa munthu pachabe ndi nzeru zanga za ku Chipata.

Tsiku limene zinachitika ndinali ndikuwadula zikhadabo agogowo. Muulutsi anatchula London, kenako anatchula dzina lonse la agogowo. Agogo anachotsa dzanja lawo m'manja mwanga. Ndiye panamveka mawu a bambo aja, Chisipanishi chake chopunduka, akupereka moni kwa amayi awo.

Agogowo anagwira pakamwa. Anayang'ana uku ndi uku kufuna woti amuuze, ndipo maso awo anagwera pa munthu amene anakhala pachitseko. Anamukodola. Bambowo anayandikira pang'onopang'ono, agogo n'kuwagwira mkono mwamphamvu, akulankhula mofulumira, akuloza tabuleti, nkhope yonse ikuwala. Ndinathamanga kukaitana mayi wakukhitchini kuti adzamasulire. Anabwera ndi epuloni yake, namvetsera, maso ake n'kudzaza misozi.

"Akuti, mwamva bambo? Ameneyo ndi mwana wanga. Akuti ndi mwana wabwino, saiwala amayi ake. Akuti musachoke, mwina abwera lero, mumuone."

Bambowo anakoka mpando, nauika pafupi ndi bedi, n'kukhala pansi, mkono wawo ukadali m'manja mwa amayi awo.

"Auzeni kuti sindichoka," anatero. "Timudikirira limodzi."