Lamulo la Zifukwa Zitatu

Kapikapu kanga ndinakagula chaka chomwe fodya anatikomera ku okushoni, ndipo chaka ngati chimenecho sichinabwerenso. Kanali kotheratu kale, chitseko cha kumanzere chomanga ndi waya, koma kuno ku Njombwa kanandipatsa ulemu woposa msinkhu wanga. Mabelo a fodya kankanyamula, odwala kankanyamula, akwati nawonso anakwerapo.

Kenaka mafuta anayamba kukwera mtengo osayang'ananso kumbuyo. Masiku ena ndalama uli nayo, koma umatha tsiku lonse pa mzere ku boma, n'kubwerako ndi chigubu chopepuka ngati mmene chinapitira. Anthu tinasintha kayendedwe. Akabaza anayamba kuzimitsa injini paliponse potsetsereka, chikhalirecho dziko lathu ndi lathyathyathya ngati mphasa, ndiye aliyense analoweza pamtima malo onse amene msewu umatsikira ku dambo. Galimoto ikadutsa kumbuyo kulibe munthu kapena thumba, anthu ankaiperekeza ndi maso ngati aona wina akutaya ufa. "Ameneyo ndiye ali nazo," ankatero, ndipo sikunali kuyamikira.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma matenda owerenga sanandisiye. Ndimawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira usipa, mpaka mayi a kunyumba kundilanda kuti ndiwo zipse. Tsiku lina ndinatola kabuku kopanda chikuto kofotokoza kasamalidwe ka galimoto. Munali mawu oti munthu wanzeru amasonkhanitsa maulendo ake kukhala umodzi. Ndinaona kuti wolembayo amanena ine ndithu. Ndinang'amba katoni, n'kulembapo ndi zilembo zazikulu kuti GALIMOTO IYI SINYAMUKA POPANDA ZIFUKWA ZITATU, n'kuipachika pagalasi. Wobwera kudzapempha ulendo ndinkangomulozera katoniyo. Ndinkadziona ngati woweruza milandu.

Amene ankaliseka kwambiri lamuloli anali alamu anga, amuna a malemu achemwali anga aakulu. Anakhala nafe pano zaka zambiri pa chikamwini, akulima dimba la kumunsi kwa mudzi. Achemwali atamwalira, iwo anabwerera kwawo, kupitirira Nkhamenya, ndipo mwana wawo wamkazi anawatsatira kukawasamala. Tinkachezerana pa foni, ndipo moni wawo unali umodzimodzi.

"Alamu, galimoto ija yaikira mazira angati? Ndamva nkhuku zasamukiramo."

"Ikupuma, alamu. Inunso mukanamapuma mkamwamo."

Nthawi yosankha fodya chaka chomwe ndinapachika katoniyo anayamba kudwala. Sanali munthu wodandaula, ndipo ndinangomva kwa mwana wawo kuti miyendo ikutupa. Madzulo ena anaimba okha. Mawu awo anali ochepa mphamvu, koma nthabwala zinalimo.

"Alamu, bwerani kuno. Ndili ndi mawu."

"Nenani, ndikumva."

"Mawu amenewa safuna foni. Afuna mpando."

"Nanga chifukwa chake n'chimodzi chokha, lamulo litilola?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiwerengeni katatu. Ndine mlamu, ndine wodwala, ndine nkhalamba. Zakwana."

Ndinaseka nawo, n'kunena kuti ndibwera sabata yamawa. Ndikanatha kukwera minibasi, zimenezo sindikana. Koma nayonso inali itakwera mtengo, fodya anali mbwee m'chigafa kudikira manja, komanso, ndinene zoona, munthu wa galimoto kukatsika minibasi kwa alamu ake ndinkakuona ngati kuvula. Ndiye ndinadikira kuti zifukwa zichuluke.

Chachiwiri chinabwera patatha masiku: ziguduli zokulungira mabelo zinatithera, ndipo ku boma zinali zotsikirapo mtengo. Chachitatu chinakana. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Tsiku lina tili m'chigafa, mayi a kunyumba analankhula osadzutsa mutu, manja ali pa fodya.

"Abambo, chachitatu mukuchidikiracho chidzakhala maliro."

Ndinatuluka, n'kuimbira mwana wa alamu uja kuti auze bambo ake kuti mawa ndifika dzuwa lisanafike pamutu.

Ndinanyamuka m'mamawa ndithu. Ndinathira mafuta a m'chigubu omwe ndinkasungira tsiku la tsoka, n'kuyenda pang'onopang'ono monga kabuku kanalangizira, pa dambo lililonse ndikuchotsa giya. Ku boma ndinagula ziguduli dzuwa lisanatenthe. Ndikanapitirira pomwepo, ndikanafika nthawi imene ndinalonjeza. Koma nditayang'ana kumbuyo kwa galimoto, malo anali ambiri, ndipo katoni ija inali lende pamaso panga. Ndinaganiza kuti ndikanyamula matola, opita kumpoto andithandize mafuta, chifukwa chachitatu chapezeka, lamulo lasungika. Ndinakondwa nayo nzeru imeneyi.

Ndinaima pa siteji. Anakwera anthu atatu msanga. Kenaka anabwera mayi wina ndi matumba awiri a chimanga, nati amuna awo akubwera ndi ena awiri, ali pafupi. Kuyandikira kwawoko kunatenga nthawi yoti munthu n'kupalira mizere ingapo. Titati tizinyamuka, linafika banja la matenanti, mphasa ndi mapoto kumutu, likupita ku esiteti ina kutsogolo kwa Chisemphere. Anandipempha kuti ndikawatule pa esiteti penipeni, poti mayiyo anali woyembekezera. Ndinavomera, ndipo msewu wake unali wa mchenga, wopatuka kutali. Aliyense ankatsikira pake, aliyense ndi katundu womasula. Ndinkayang'ana dzuwa n'kumadziuza kuti wodwala sapita kulikonse, ndikamupeza.

Ndinafika mithunzi itatalika. Pansi pa mtengo wa mango, pabwalo, panali mipando iwiri yoyang'ana ku msewu, wandalema ndi wina wathabwa. Panalibe wokhalapo. Mwana wa achemwali anga anatuluka m'nyumba, nagwada pambali pa galimoto.

"Atsibweni, mwafika."

"Ndafika, mwanawe. Ali kuti?"

"Agona. Anadzuka bwino lero, kuposa masiku onsewa. Anati ndiwasambitse m'mawa, ndiwaveke jekete, nditulutse mipando iwiri. Injini iliyonse ikalira kumsewu amati, ndi iwo? Ndikati alowe dzuwa lakula, amakana."

"Ananenapo kanthu?"

Anamwetulira pang'ono, maso ali pansi. "Anati, alekeni, akubwera chokankha. Dzuwa litapendeka mutu unayamba kulemera, ndiye tinawanyamula."

Ndinawapeza pa mphasa, jekete ikadali m'thupi, akupuma movutika. Ndinakhala pambali pawo n'kuwagwira dzanja. Ndinawaitana, ndinawauza kuti nkhuku zaswa anapiye khumi m'galimoto, kuti mwina aseke. Kamodzi anatsekula maso, nandiyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti anandizindikira. Milomo inagwedera, koma mawu sanatuluke. M'mawa mwake tinawatengera ku chipatala pa kapikapu komweko. Sanalankhulenso. Anamwalira tsiku lachiwiri.

Pa maliro mafuta sanasowe. Sindidziwa kumene anachokera. Zigubu zimene anthu ankabisa kuseri kwa nkhokwe zinatuluka zokha, a mpingo anabwera pa lole, njinga zamoto zinadzaza pansi pa mitengo. Ine ndemwe ndinabwerera ku Njombwa kukatenga abale, n'kubweranso tsiku lomwelo, osazimitsa injini pena paliponse. Chifukwa chinali chimodzi, ndipo palibe anafunsa za lamulo.

Mawu aja mpaka lero sindiwadziwa. Mwana wawo amaganiza kuti ankafuna kupempha kuti akagone kwathu, pafupi ndi akazi awo, ndipo pempho lotere likanayenera kudzera kwa ine, mwini mbumba. Mng'ono wawo amati ayi, inali nkhani ya dimba lija, kuti lisachoke m'manja mwa mwanayo. Popeza panalibe amene anamva, anaikidwa kwawo monga mwa mwambo. Dimba ndinamusiyira mwanayo, poti limenelo ndiye ndikanatha. Za manda ndimangoziganiza ndikamadutsa pa mtumbira wa achemwali, pomwe pambali pake pali malo. Mwinanso sizinali zonsezi. Mwina ankangofuna kunditukwana bwinobwino tili pa mipando, monga ankachitira kale. Ine wowerenga mapepala a usipa, mawu okhawo amene ananditumira ine ndekha ndinawaphonya.

Mafuta sanatsike mtengo, ndipo kapikapu kamakhalabe masiku ambiri m'chigafa. Katoni ija mayi a kunyumba anaichotsa osandifunsa, n'kuyalira nkhuku yofungatira. Sindinafunse.

Mwezi wathawu mwana wa achemwali uja anaimba foni. Anati palibe vuto, kungoti papita nthawi, ndikapeza mpata ndikamuoneko. M'mawa mwake ndinanyamuka kumbuyo kulibe kanthu. Pa siteji ya ku boma anthu anakweza manja, ena anandiperekeza ndi maso aja ndimawadziwa, koma sindinaime. Pa madambo pokha ndinachotsabe giya, poti dzanja linazolowera. Ndinafika dzuwa lisanafike pamutu, ndipo anandiyalira mpando wathabwa uja pansi pa mango.