Boti la Elliam Linayamba Lamira

Inu amene mukuona ngati zanu zatha, takhalani pansi kaye mumve za Elliam wa ku Namanja, ku Machinga.

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, Elliam anayenda wapansi pamalo pomwe ankadutsa ndi bwato. Tangoganizani, munthu kuponda fumbi pakati pa nyanja. Bwato wake wosema, wa mtengo umodzi, anaupeza uli gone pamatope ong'aluka, utang'ambika kuyambira kumutu mpaka kumbuyo. Anamasula thanga lake losoka ndi matumba a feteleza, n'kulisenza kubwerera nalo kumudzi.

Bwato umenewo ndi umene unkadyetsa banja lake. Elliam ankaidziwa mphepo ngati m'bale wake. Mwera ukayamba, iye ankangokweza thanga n'kukhala pansi, madzi akulira pang'onopang'ono m'mbali. Tsopano mphepo inkawomba chabe, yopanda choti ikankhe.

Njala italowa m'nyumba, mkazi wake Luckness anabereka mwana wawo Madalo, kamtsikana kongoyamba kumene kuyankhula, n'kupita kwa amayi ake ku Nayuchi. Sanakangane. Pa siteshoni ya sitima Luckness anayang'ana pansi.

"Bambo a Madalo, sindikukuthawani iyayi. Ndikufuna mwanayu azidya basi."

"Pitani," anatero Elliam. "Madzi akabwera ndidzakutengani ndili ndi chombo changachanga."

Iye analowera ku Balaka, kwa Kalembo, kukasaka ganyu. Anatola thonje, anaumba njerwa, anapanga mizere m'minda ya eni mpaka zikhato zinachita zipsera. Koma mtima sunali kumeneko. Mphepo ikangogwedeza mapesi, Elliam ankaimika khasu n'kutchera tsaya.

"Uwu ndi mwera," ankatero. "Bwenzi pano ndikuyandikira chilumba cha Chisi."

"A kapitawo a sitima, limani, dzuwa likupita," anzake ankamuseka choncho.

Ankalakalaka madzi ngati mmene munthu wodwala amalakalakira tulo. Ankalakalaka Luckness akuimba nyimbo za kwaya pochapa. Chomupweteka kwambiri chinali foni. Akapempha kuti ayankhule ndi Madalo, mwanayo ankangoti, "Muli bwanji," monga amachitira ndi mlendo, n'kubweza foni kwa amayi ake.

Patapita zaka, mvula yamphamvu inagwa ndipo Chilwa inadzadzanso. Koma mitengo yosemera bwato inali itatha kalekale, ndipo nsomba zinali kutali, pakati penipeni. Amene anali ndi injini ankafikako, kukoka, n'kubwerera wathanga akudikirabe mphepo. Elliam anaona kuti za thanga zatha, ngakhale zinamuwawa kuvomera.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera kwa amalume ake a Luckness. Anati mkamwini wosaoneka ndi mkamwini wanji. Mvula yodzalira ikagwa iye asanaonetse chogwirika, akhala pansi ndi ankhoswe kuti mwana wawo amasuke. Elliam anadziwa kuti akuluwo sankaopseza chabe.

Tsiku lina ali pamwamba pa lole ya njerwa pafupi ndi Liwonde, anaona boti pakhomo pa munthu, pansi pa mtengo wa mango. Linali lamatabwa, lalikulu, la mtundu uja wokoka makoka ndi injini. Utoto unali utasupuka, nkhuku zikuikira mazira m'kati, ndipo dzuwa linkadutsa m'mipata ya matabwa. Mwini wake anali atamwalira. Mkazi wa malemuyo, mayi Modester, ndi amene anatuluka.

"Mukufuna nkhuni kapena?"

"Iyayi, mayi. Ndikufuna boti."

Mayiwo anamuyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, kenako anamulowetsa m'nyumba n'kuvundukula chitenje. Injini inali pakona, yakale koma yosamalidwa.

"Malemu ankalikonda botili kuposa ine," anatero. "Litengeni, mwina pakhomo pano n'kuonekako bwino."

Elliam anapereka zonse zimene anasunga, anagulitsa ndi njinga yomwe. Lole inalitula botilo padoko la Namanja anthu atazungulira, ena akugwedeza mitu.

Apa ndi pamene Elliam anaphonya, ndipo musamuseke. Munthu wa bwato wosema amadziwa chinthu chimodzi: mng'alu ndi mdani, umautseka mpaka kuwala kusadutse. Iye anali atabwera ndi thumba la thonje la ku Balaka. Analikhomerera m'mipata yonse ndi tchizulo, mwamphamvu, botilo lili louma gwa, n'kumata phula pamwamba. Ataliika pamadzi silinalowe ngakhale dontho. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalira. Elliam anaimbira Luckness foni.

"Mayi a Madalo, bwerani Loweruka mudzaone. Mubwere ndi amalume."

Koma matabwa anayamba kumwa madzi. Anafufuma, n'kusowa kolowera chifukwa mipata yonse inali yothinitsidwa ndi thonje. Anakankhana okhaokha mpaka misomali inazuka, matabwa awiri apansi n'kutumphuka. Mwayi wake, injini ankaichotsa madzulo aliwonse. Loweruka m'mawa, Luckness ndi amalume ake akufika padoko, botilo linali litakhala pansi pafupi ndi bango, mphuno yokha ili kunja.

"Ndi limeneli?" anafunsa amalume aja.

Sanadikire yankho, anatembenuka. Luckness anatsalira pang'ono, misozi ili lengelenge m'maso.

"Ndidikira mpaka mvula, bambo a Madalo. Kupitirira apo, mawu sakhalanso anga."

Elliam analira, bambo wamkulu, pamaso pa amayi ogula nsomba. Manyazi anamugwira mpaka anakabwereka nkhwangwa kuti alivuule aliwaze, mwina nkhunizo zingagulidwe ndi owamba milamba. Akupita nayo anakumana ndi a Ambrose, okhoma maboti ochokera ku Mposa, bambo a pakamwa posasefa.

"Achimwene, nkhwangwayo muyambe mwadzitema nayo nokha," anatero. "Ndani anakuuzani kuti boti louma amalitseka? Thabwa limayamba lamwa. Likakhuta limatseka lokha mipata, inu mumangomalizitsa potsala, mopepuka."

"Ndiye ndilivuule msanga?"

"Mulisiye momwemo. Lamira kale, lisiyeni limwe."

Kunena n'kosavuta. Kutentha kwa Okutobala kunali kutafika, mitambo ikuyamba kusonkhana cha ku Mozambique, ndipo Elliam ankangoyang'ana mphuno ya boti lake ili pamadzi. Padoko anamupatsa dzina loti Mlonda wa Chomira. Iye anangolimbikira ntchito. M'mawa uliwonse ankapita kwa a Ambrose kukapala matabwa ndi kugwirira pokhoma, malipiro ake n'kukhala matabwa atsopano ndi misomali. Ankatukwanidwa tsiku lonse, koma ankaphunzira.

Bingu likagunda patali, mtima wake unkagunda nawo. Kangapo anapempha kuti alivuule, a Ambrose n'kungoti, "Silinakhute." Ndithu, kudikira kumeneko kunamuwondetsa kuposa ganyu wa kwa Kalembo.

Tsiku lolivuula linafika. Anakolokosola thonje lonse lija, anasintha matabwa otumphuka, n'kutseka potsala mopepuka monga anauzidwira. Atalibwezera pamadzi, timadzi tinayamba kuchucha pakona. Elliam anagwira mutu.

"Boti lamatabwa lililonse limatuluka thukuta," anatero a Ambrose. "Dulani chigubu muzikapa. Mukufuna likhale ngati beseni?"

Ulendo woyamba unamudabwitsa. Injini inkasokosa moti mphepo sankaimva, ndipo analisowa bata lija la thanga. Koma anafika pakati pa nyanja dzuwa lisanakwere, malo amene kale ankangowaona patali. Iye ndi anzake amene anawalemba ganyu anaponya khoka, ndipo linabwera lolemera ndi matemba.

Ulendo uno sanaimbe foni. Anayanika nsomba, anadzaza dengu, anaikapo nsomba zikuluzikulu za makumba pamwamba, n'kukwera sitima ya ku Nayuchi. Potsika, fungo la mvula linali kale m'mphepo, anthu akuthamangira kuanula zovala.

Sanalunjike kwa mkazi wake. Anapita kwa amalume aja, anavula chipewa, anagwada n'kuika dengu patsogolo pawo. Akuluwo anatola khumba limodzi, analitembenuza uku ndi uku.

"Za boti la yani zimenezi?"

"Langa, amalume."

"Lomira lija?"

"Lomwelo."

Kenako akuluwo anaitana kuti abweretse mpando wa mkamwini. Luckness anatuluka m'nyumba atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Kumbuyo kwake kunabisala Madalo, atatalika, akusuzumira munthu wakuda ndi dzuwa amene wakhala pampandoyo. Elliam anatambasula manja koma mwanayo sanasunthe. Anamuitana dzina. Madalo anayandikira pang'onopang'ono, anaima, n'kufwenthera m'mwamba kamphuno kake.

"Amayi," anatero monong'ona, "akununkha nsomba ngati abambo."

"Ndi iwowo, mwanawe."

Madontho oyamba anayamba kugwa pa malata mwanayo ali pamiyendo pa bambo ake. Elliam anamukumbatira.

Lero banjalo lili ku Namanja. Botilo n'lakale ndithu, limafuna kukapa tsiku lililonse, ndipo injini yake imachita makani kukazizira. Mwera ukawomba bwino, Elliam nthawi zina amaizimitsa pakati pa nyanja kuti angomvako madzi, chifukwa thanga sanaliiwale.

Inu amene chanu chamira anthu akuonerera, musathamangire nkhwangwa. Funsani odziwa, pirirani chipongwe cha padoko, ndipo gwirani ntchito pamene mukudikira. Alipo amene akukudikirani kwinakwake, ndipo sanakuiwaleni. Osataya mtima, abale anga.