Nsambo za Ababa

Uthenga unandipeza ndikupukuta mbale, m'mawa, chisanu cha ku South Bend chikukanda pazenera. Mwana wanga Chisomo anali atangofika kuchokera ku shifiti, nsapato za kuchipatala zidakali kumapazi. Foni inalira, anamvera, anagwira pakamwa, nandipatsira. Anali Yamikani, mwamuna wa mdzukulu wanga Tadala, akulankhula ali ku Indianapolis: "Agogo, Tadala wachira. Ndi wamkazi." Ine mbale pansi, nthungululu m'mwamba. Ndinavina mpaka pafiriji, ndinavina pobwerera, ndinavina mpaka mzungu wa m'nyumba yapansi anagogoda denga lake ndi tsache. Agogode, agogode ndithu, mdzukulu wanga wabereka ine ndidakali ndi maso.

Akamwini anga, amuna a Chisomo, bambo a Tadala, kuvina sadziwa. Iwo chimwemwe chikawakwera amathamangira banjo yawo ya kutchalitchi. Anaigoneka patebulo, nati nsambo zakalamba, mlendo watsopano amve zatsopano. Anatulutsa timapepala, nsambo iliyonse m'kapepala kake, yopindidwa ngati chibangili. Anamangirira yoyamba, anaika foni pambali kuti iziwauza pofikira, nayamba kupotoza chikhomo. Nsambo ija inalira, ndiii, nkumakwera, nkumakwera. Miyendo yanga inaleka yokha kuvina. Kulira kumeneko ndimakudziwa. Kunandinyamula mpaka kwathu ku Ntcheu, m'nyengo yozizira ya chaka chimene anabadwa mlongo wanga Filipo.

Ndinali kamtsikana kongoyamba kusenza ndowa. Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, minda itayera, mphepo ikuyendetsa makoko pabwalo. M'mawa zala zinkauma, milomo kung'aluka, miyendo mbuu ngakhale udzole mafuta a nsatsi. Amayi anali kuchidikiro ku chipatala cha mishoni, masiku awo atayandikira, ndipo pakhomo tinatsala ine, ababa, ndi amayi aang'ono amene ankatiphikira. Ababa anali mkamwini pamudzi pathu. Munda unali wa amayi, nkhokwe ya amayi, mbuzi za amayi ndi abale awo. Zawozawo za ababa zinali bulangete, chipewa, ndi banjo ya nsambo zinayi imene anapanga okha ndi chigubu cha mafuta ndi chikopa cha mbuzi.

Ababa zala anali nazo, zala zothamanga ngati nyerere, koma khutu analibe. Banjo ikasokonekera sankatha kuibweza okha. Ankaibweza ndi amayi, ndi mawu. Amayi anali ndi nyimbo yawo ya pamtondo, yopeka okha, yoti nkhuku yanga ya mawanga, usagone kutali. Nyimboyo inkatsika ngati munthu akutsika chulu, apa, apa, apa, apa, ndipo poponda paliponse panali pa nsambo imodzi. Amayi ankaimba, ababa nkumapotoza mpaka waya ndi mawu zigwirane. Tsono amayi kulibe, ababa anaitana ine.

"Esinati, amayi ako akubwera ndi mlendo. Tiwalandire ndi nsambo zadzimbirizi?"

Ndinati ayi.

"Ndiye iwe ndi ine tili ndi ntchito."

Ntchito yake inali yokoma, inali yokoma kuposa nzimbe. Tinapita limodzi kumsika kwa munthu wokonza njinga zamoto, anatipatsa chingwe chakutha cha buleki ndi chidutswa cha tayala. Anthu ena tayala amaliwotcha kuti waya atuluke msanga, koma ababa ankati waya wolawa moto ndi wakufa, salankhula. Anamusenda ndi mpeni pang'onopang'ono, fungo la mphira lili m'manja mwathu mpaka podya. Ameneyo anali wa nsambo yaikulu, yonenepa mawu. Chingwe cha buleki tinachimasula kamodzikamodzi, timawaya tikundilasa m'zala. Kalikonse ababa ankakaluma mbali imodzi, kukoka mbali inayo, kukakhwatula ndi chikhadabo pafupi ndi khutu langa. "Aka kakuti bwanji?" Ine nkumati aka kakutsokomola, aka kakunong'ona, aka ndiye kakulankhula. Kamene ndakana ankakataya osafunsanso. Ine, kamwana kopanda ndi nsapato zomwe, mawu anga akumveka kwa munthu wamkulu.

Tinakwecha mawayawo ndi mchenga ndi phulusa mpaka anawala. Ababa anandiphunzitsa kuti nsambo suchotsa zonse nthawi imodzi, umachotsa imodzi nkubwezera imodzi, kuopa kuti kamtengo kokhalira nsambo kangasunthe pachikopa. Zikhomo ankazilavulira malovu kuti zigwire. Banjo tinkaiyanika kaye padzuwa kuti chikopa chikungike, ndiye tinkakhala pakhonde, mawondo kugundana. Ine ndinkagwira liwu limodzi osalisiya, mpweya mpaka kutha, iwo nkumapotoza, maso ali pakamwa panga. Ikafika ndinkagwedeza mutu. Ina inaduka nkuwakwapula patsaya, anatukwana mbuzi imene inapereka chikopa, tinaseka mpaka amayi aang'ono anatulukira ndi mthiko kudzaona.

M'mawa mwake zonse zinali zitatsika. Ndinafuna kulira, koma ababa anati ndi khalidwe lake, nsambo yatsopano ili ngati kamwana ka mbuzi, sikakhala pamene wakamangirira. Choncho m'mawa uliwonse ndinkaimba, m'mawa uliwonse ankakunga. Kuchitsime ndinkadzitama kwa anzanga kuti ababa anga sangaimbe popanda ine.

Kenaka wa panjinga anafika ndi uthenga woti amayi achira, mwana wamwamuna, akubwera pa basi ya Loweruka. Tsikulo ababa anasamba m'mamawa, anavala chipewa, ndinawaimbira, anakunga komaliza. Anati akukawachingamira kumsewu. Ndinati nditsagane nawo. "Iwe sesa pakhomo. Tidzalowa ndi nyimbo, woyambitsa ndiwe." Anapinda bulangete lawo nalikoleka paphewa pamodzi ndi banjo. Ine ndinati m'mtima, ababa anga ndi anzeru, akukafunditsa mwana mphepo.

Ndinasesa mpaka kuseri kwa nkhokwe. Ndinaima panjira, nyimbo ili pakhosi yokonzeka. Dzuwa litapendeka amayi anatulukira, mwana pachifuwa, katundu atawasenzera mayi wina wa m'basi momwemo. Kumbuyo kwawo kunalibe chipewa, kunalibe banjo. Amayi analowa m'nyumba, anayang'ana pachingwe pamene pankakhala bulangete, nakhala pamphasa kuyamwitsa. Amayi a m'mudzi anabwera ndi nthungululu zawo, ndipo m'kunong'onezana kwawo ndi m'mene ndinamva. Ababa sanapite kumsewu. Anawoloka mtsinje kupita kwa a Nachisale, mayi wotsogolera nyimbo m'maukwati, ndipo anthu anawaona pansi pa mango wa pakhomo pawo akuimbira mayiyo za nkhuku ya mawanga.

Sindinalire, chifukwa ndinali ndi changa chimene akuluakulu sankachidziwa. Nsambo zija zinali zidakali zatsopano. Zitsika, ndinkatero posinja, zitsika, ndinkatero potunga, zikatsika abwera okha.

Ndipo anabweradi. Ndinali kumtsinje ndikuchapa matewera a Filipo, madzi akuluma m'zala, ndinangoona chipewa chikudumpha pamiyala yowolokera. Anakhala pamwala pafupi nane ngati achoka dzulo. "Esinati, taimba kaye." Mtima wanga unavina. Ndinaimba ndi chifuwa chonse, apa, apa, apa, apa, mpaka zinayi zonse zinagwira. Anayesa pang'ono, anamwetulira, anandisisita m'mutu nati ndiwe mwana wanga iwe. Ndinasenza beseni msangamsanga.

"Tiyeni mukamuone Filipo, ababa. Makutu ndi anu enieni."

Anayang'ana kumtunda. Utsi wa pakhomo pathu unkaoneka bwinobwino pamwamba pa nthochi.

"Tsogola, ndikupeza."

Ndinatsogola. Ndinkayenda pang'onopang'ono kuti asavutike kundipeza. Nditafika pachulu ndinatembenuka, beseni likudontha pamsana. Anali kale kutsidya, akukwera njira, akuimba akuyenda, ndipo banjo inkamveka bwino, inkamveka bwino zedi.

Anadzabweranso tsiku lina pamwala womwewo. Anaimba mluzu, ine zii. Anati, "Wameza chule kodi?" Ine thewera pamwala, phwa, phwa. Anakhwatula nsambo zake zotsikazo kuti ndimve chisoni, ndinamvadi, koma pakamwa ndinatseka ndi mano. Anadikira, anadikira, nanyamuka. Mvula itagwa mtsinje unadzaza, ndipo usanaphwe tinamva kuti iwo ndi a Nachisale asamukira kutali. Filipo wakula, wakalamba, nkhope ya ababa sanaione.

Nkhani imeneyi ndinamuuza Chisomo m'galimoto tikutsikira ku Indianapolis, minda yoyera ndi chisanu uku ndi uku. Akudiraiva momwemo anati, "Koma amayi, a Nachisalewo si anali woimba? Akanatha kuwatchunira okha. Mwina agogo ankangofuna kukuonani."

Ndili mwana ndinkati ababa anawoloka mtsinje chifukwa nsambo zawo sizikanamvera wina koma ine, ndipo ndinkati ndikatseka pakamwa ndawalanda nyimbo. Lero ndikuona kuti Chisomo sananame, woimba anali naye m'nyumba, ndipo kutseka kwanga pakamwa sikunawalande kanthu. Mwina anandisowadi. Koma inenso ndakalamba, ndabereka, ndalera, ndipo mtunda wa pakati pa mwala uja ndi khomo lathu ndimaudziwa. Mwana wosenza beseni ankauyenda madzi asanaume kumapazi. Ankafuna kundiona pamalo pamene panalibe wowafunsa, pamene panalibe khanda loti alinyamule.

Basi, zimenezo zakhala kumtsinje. Ife tinafika, ndipo Tadala atatuluka m'chipatala, kanyumba kawo ka kufupi ndi Lafayette Road kanadzaza mpaka nsapato kusefukira pakhomo. Ndiwatchule, ndiwatchule onse amene anabwera kudzasangalala nafe. Anabwera a Nambewe ndi mandasi otentha m'chikatoni. Anabwera abusa ndi amayi busa. Anabwera a Gondwe ndi akazi awo, atatseka sitolo dzuwa lili pamutu. Anabwera Mphatso ndi mapasa ake, omva Chichewa nkuyankha Chingerezi. Anabwera Lonjezo ndi Fatsani, anamwino anzake a Tadala, yunifolomu ili m'thupi. Anabwera a Nasimango ndi ndodo yawo, Thokozani ndi chitenje cha mwana, Dalitso wa ku yunivesite ndi njala yake. Analipo Chisomo, analipo akamwini anga, ndinalipo ine Esinati. Ndipo pakati pa onsewo, pampando wa pakona, thewera paphewa, mwana pachifuwa, panali Yamikani, bambo wake, amene sanachite kubwera chifukwa anali momwemo.