Kachipewa kamene ndinafulumira nako

Loweruka lapitali ndinalakwa, ndipo ndinalakwa pamaso pa anthu asanu.

Loweruka lililonse masana timakumana pakhonde la NyaMhango ku Msongwe, aliyense ndi ulusi wake ndi masingano ake. Zoluka zathu sitigulitsa. Wina amalukira adzukulu majuzi, wina tinsalu toyala pamipando, ndipo mlamu wanga ali pa mpango umodzimodzi kuyambira chaka chatha. Timaluka pang'ono, timacheza kwambiri.

Wamng'ono pa tonsefe ndi NyaChirwa, mphunzitsi wa ku pulayimale amene amakhala ku Nkhorongo. Ndiye katswiri wathu. Ukasokoneza mzere, amakumasulira n'kukukonzera osakuseka.

Miyezi yapitayi ndinaona kuti chitenje wayamba kuchimangira m'mwamba, ndipo akamva fungo la mandasi akutembenukira kumbali. Ine ndabereka ana anayi, sindichita kuuzidwa. Nditawerenga ndi zala ndinapeza kuti mwanayo adzafika mu Juni. Inu a ku Mzuzu mukuidziwa Juni wathu, chifunga chikatsika kuchokera ku Kaning'ina mpaka mano kugwedera. Ndiye ndinaluka mobisa kachipewa kachikasu ndi timasokosi take, ndipo Lowerukalo ndinazitulutsa m'chikwama.

"Izi n'za mlendo wathu akubwerayo," ndinatero, ndikudikira kuyamikiridwa.

Masingano onse anaima. NyaChirwa anakayang'ana kachipewako koma sanakakhudze. "Yewo, amama," anathokoza motsitsa mawu. Anapinda zoluka zake, nanena kuti wakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto, n'kunyamuka.

Atangotuluka pageti, NyaMhango anandicheukira. "Imwe amama, kasi kwanu ku Ntcheu mwana mumamuveka asanabadwe? Yayi, apa mwalakwitsa chomene."

Kunena zoona, ku Ntcheu nakonso sititero. Mayi anga sankalola ngakhale thewera kulowa m'nyumba mwana asanalire. Mimba timaiona tonse, koma sitiitchula mpaka mwini wake atayamba yekha. Zimenezi ndimazidziwa bwinobwino. Kungoti ndinkaganiza kuti zinapita ndi akale. Si ana a masiku ano amachitira mimba phwando, n'kujambulitsa zithunzi zimene tonse timaziona pafoni?

Ndipo ndili ndi mfundo yanga, sinditaya. Mwana sadikira kuti juzi ithe. Ndaonapo makanda akutuluka m'chipatala muno mu Mzuzu atangokulungidwa m'zitenje ziwiri, mutu uli pamtunda, chifukwa panalibe amene analimba mtima kukonzekera. Kuluka kachipewa kumandidyera masiku atatu. Kodi ndiziyamba tsiku lobadwalo? Kukonzekera si kulodza.

Ndi mfundo imeneyi m'kamwa ndinapita kwa NyaChirwa ku Nkhorongo Lachiwiri. Ndinkati ndikapepese, koma pansi pa mtima ndinkafunanso kukamuphunzitsa.

Sanandipatse mpata. Atandilonjera, analowa kuchipinda n'kutuluka ndi sutikesi yaing'ono. M'menemo munali mashawelo awiri oluka yekha, lina loyera, lina lobiriwira, onse osavalidwapo.

"Amama, ine ndine mphunzitsi, sindikhulupirira kuti chipewa chingaphe mwana, yayi," anatero. "Koma kawiri konse anthu anadziwa msanga, ndipo kawiri konse ndinapita padera. Pambuyo pake aliyense wokumana naye, kutchalitchi, kumsika, ankandifunsa kuti mwana ali bwanji. Ndinkayankha mmodzimmodzi. Ulendo uno ndimafuna kuti zikavutanso, ndilire ndi abambo akunyumba kuno basi."

Zimenezi zinachitika asanasamukire ku Mzuzu, ndipo pagulu pathu panalibe amene ankazidziwa. Ndinachita manyazi kwambiri.

Amati safunsa anadya phula. Ine sindinafunse, ndinangoona mwambo n'kuutcha umbuli. Ambirife amene tinapitako kusukulu tili ndi matenda amenewa. Tikaona chinthu cha makolo chimene sitikuchimvetsa, timafulumira kunena kuti ndi zamatsenga. Pena n'zoona. Koma pena kukhala chete kuja ndi njira imene amayi anapeza yotetezerana ku mafunso, pakuti ankadziwa kuti si mimba iliyonse imene imabwerera kunyumba ndi mwana kumsana. Kuluka palibe anandiletsa. Ndikanaluka, n'kusunga m'kabati mwanga, n'kutseka pakamwa.

Potsanzikana ndinamufunsa chochita ndi kachipewako.

"Kasungeni kwanu. Akadzalira, ndidzakuimbirani," anatero.

"Nanga Loweruka tikuonani?"

Anapukusa mutu. "Paja ndimabwera chifukwa ndi malo okhawo amene anthu amayang'ana manja anga. Tsopano nonse muziyang'ana pamimba."

Ndiye Loweruka likubwerali pakhonde la NyaMhango tikhalapo asanu m'malo mwa asanu ndi mmodzi, ndipo wochititsa ndine. Ndinamufunira zabwino, inde, palibe akutsutsa. Koma inu amene muli ndi mphatso m'chikwama, mwaikonzera tsiku loti mukaitulutse pagulu, tadzifunsani musanatsegule zipi: mukufuna kuti asangalale ndi wolandirayo, kapena inuyo?